Cheke cha ku Vienna chinabwerera

Zaka zingapo zapitazo, nditangoisiyira panjira sukulu ya ukachenjede, ndinayesako geni yoperekera mapepala, zolembera ndi inki m'maofesi. Tsiku lina kampani ina, imene dzina lake ndilisunga, inaitanitsa katundu wambiri ndithu. Ndinakongola ndalama kwa alamu anga, ndinakaoda katunduyo n'kukamutula. Akalaliki anawerenga katoni iliyonse, anasaina, ndipo bwana wawo anandipatsa cheke uku akumwetulira. Patapita masiku anayi chekecho chinabwerera. Nditapita kukadandaula ndinapeza bwana uja atasamutsidwa, pampando pali wina. Watsopanoyo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, zimenezo munapangana ndi anzangawo, ine sizikundikhudza." Apo n'kuti mapepala anga atayamba kale kulembedwa.

Kwa inu amene mumachita malonda ku Limbe, ku Lilongwe kaya ku Mzuzu, nkhani yotere si yachilendo. Ine ndaikumbuka chifukwa ndikufuna tikambirane za malonda ena akuluakulu, amene katundu wake ndi zipangizo zotha kupangira bomba la nyukiliya, ndipo malipiro ake ndi kuchotsa ziletso za malonda. Malonda oterewa anachitika pakati pa dziko la Iran ndi mayiko amphamvu m'chaka cha 2015. Mathero ake sanasiyane kwenikweni ndi a cheke changa chija.

Tiyambe ndi katunduyo. Yureniyamu, ngati amene anayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009, akamachoka pansi sangaphulitse kanthu. Mbali yake yamphamvu, imene akatswiri amaitcha U-235, imakhala yosafika ndi 1 peresenti yomwe. Kuti mbali imeneyi ichuluke, yureniyamuyo amamuyenga m'makina ozungulira mothamanga kwambiri otchedwa centrifuge. Akamuyenga kufika pa 3 mpaka 5 peresenti amakhala woyenera kupangira magetsi. Akapitiriza mpaka cha m'ma 90 peresenti, ndiye wa bomba ameneyo. Vuto lagona pakuti makina ake ndi amodzimodzi. Amene akupanga magetsi lero, mawa atafuna akhoza kupanga bomba, bola akhale ndi makina okwanira ndi nthawi.

Dziko la Iran lakhala likunena kuti cholinga chake ndi magetsi ndi mankhwala basi. Koma tinene chilungamo, nalonso linadziyipitsira mbiri. Malo oyengera yureniyamu a ku Natanz anadziwika mu 2002 anthu ena ataulula, boma lili chete. A ku Fordow, amene anawakumba mkati mwa phiri pafupi ndi mzinda wa Qom, anaululika mu 2009. Munthu wobisa nkhokwe ziwiri, ngakhale alumbire kuti m'katimo muli chimanga chokha, anansi amayamba kukayika.

Tsono zilango zinayamba. Bungwe la United Nations linaika ziletso zake zoyamba mu Disembala 2006. Koma chimene chinapweteka kwambiri chinabwera mu 2012, pamene mabanki a ku Iran anachotsedwa pa SWIFT, njira imene mabanki a dziko lonse amatumizirana mauthenga a ndalama, ndipo mayiko a mu European Union analeka kugula mafuta a ku Iran. Dziko limene linkagulitsa kunja migolo ya mafuta pafupifupi 2.5 miliyoni pa tsiku linatsika kufika pa migolo yongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ndalama yawo, rial, inagwa. Inu amene munaimapo pa mzere ku banki kufuna madola n'kubwerera chimanjamanja mukudziwa mmene zimakhalira: katundu ali ku doko, woodetsa akudikira, koma njira yomulipirira palibe.

Mu 2013 anthu a ku Iran anasankha a Hassan Rouhani kukhala pulezidenti, ndipo chachikulu chimene iwo analonjeza chinali kuthetsa zilangozi. Nduna yawo yoona za kunja, a Javad Zarif, inakhala pansi ndi inzake ya ku America, a John Kerry, pamodzi ndi nthumwi za Britain, France, Germany, Russia, China ndi European Union. Anakokanakokana pafupifupi zaka ziwiri. Pa 14 Julayi 2015, mu mzinda wa Vienna, anagwirizana. Usiku umenewo anthu ku Tehran anatuluka m'misewu, kuvina ndi kuliza mahutala a galimoto. Ambiri mwa iwo anali achinyamata, ophunzira amene ankaona kuti mwina tsopano akamaliza sukulu ntchito ipezeka.

Nanga anapangana zotani? Iran inali ndi ma centrifuge pafupifupi 19,000. Inavomera kutsala ndi 6,104, ndipo mwa amenewa 5,060 okha ndi amene ankaloledwa kuyenga yureniyamu. Inavomera kuti kwa zaka 15 isayenge kupitirira 3.67 peresenti, ndiponso isasunge yureniyamu woyengedwa woposa makilogalamu 300. Inavomera kuchotsa mtima wa ng'anjo ya nyukiliya ya ku Arak n'kuthiramo simenti. Inavomeranso kuti akatswiri a bungwe la IAEA, loyang'anira za nyukiliya pa dziko lonse, azilowa, aziyeza, aike makamera ndi zidindo zawo. Mayiko amphamvu nawo analonjeza kuchotsa ziletso zonse zokhudza nkhani ya nyukiliya: mafuta agulitsidwe, mabanki abwerere pa SWIFT, ndalama za Iran zimene zinatsekeredwa kunja zimasulidwe.

Taonani tsono amene anayamba kutula katundu. Mu Disembala 2015 sitima inanyamuka ku Iran kupita ku Russia itasenza yureniyamu woyengedwa woposa matani 11. Makina anazulidwa n'kusungidwa pansi pa diso la IAEA. Simenti inathiridwa ku Arak. Pa 16 Januwale 2016 bungwe la IAEA linatsimikiza kuti Iran yachita mbali yake, ndipo tsiku lomwelo ziletso zinachotsedwa. Akuluakulu a ku America ankawerengera kuti nthawi imene Iran ikanafuna kuti ipeze yureniyamu wokwanira bomba limodzi inali itatalika kuchoka pa miyezi iwiri kapena itatu kufika pa chaka chathunthu.

Apa ndi pamene pali mfundo yanga, ndipo ndikupempha muigwire bwino. Katundu wa Iran anali wokwera pa sikelo. Makilogalamu amayezeka, makina amawerengeka, simenti ikauma yauma. Koma malipiro ake anali a mtundu wina. Boma likachotsa chiletso, limangotsegula chipata. Amene ayenera kulowa pa chipatapo ndi eni mabanki, eni sitima zapamadzi, a inshuwalansi, eni mafakitale. Anthu amenewa palibe pulezidenti angawalamule kuti pitani mukaike ndalama zanu kwakutikwakuti. Aliyense amayamba wadzifunsa kuti, kodi chipatachi chikatsekekanso ine ndili mkati, zindithera bwanji?

Ndipo mantha awo anali ndi chifukwa. Mu 2014 banki ya ku France yotchedwa BNP Paribas inalipitsidwa chindapusa cha madola pafupifupi 8.9 biliyoni ndi America chifukwa chophwanya ziletso zokhudza Sudan, Cuba ndi Iran. Mabanki ena onse anaona. Kuwonjezera apo, ziletso zina za America, zokhudza uchigawenga ndi ufulu wa anthu, zinatsala momwemo chifukwa sizinali mbali ya pangano. Choncho mabanki akuluakulu a ku Ulaya anangoti zikomo, ife tikhale kaye. Zinafika poti mu Meyi 2016 a Kerry anapita okha ku London kukawanyengerera akuluakulu a mabanki kuti kuchita malonda ovomerezeka ndi Iran si mlandu. Tangoganizani, nduna ya dziko lomwe linkawalipitsa chindapusa dzulodzuloli ndi imene lero ikuti musaope. Ambiri anamvetsera mwaulemu n'kubwerera ku maofesi awo osasintha kanthu.

Sindikunena kuti Iran sinapeze kalikonse, ayi. Mafuta anayambanso kuyenda ndipo pofika kumayambiriro kwa 2018 anali atabwerera pafupifupi pamene anali kale. Kukwera mitengo kwa zinthu kunachepa. Mu Disembala 2016 kampani ya ndege ya Iran Air inasaina zogula ndege 80 kwa Boeing ndi zina 100 kwa Airbus, poti ndege zawo zinali zokalamba zedi. Mu Julayi 2017 kampani ya Total ya ku France inasaina zokumba gasi ku South Pars. Peugeot inabwerera kukapanga galimoto. Koma zambiri mwa izi zinali zikadali pa pepala. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Mphepoyo inali itadziwika kale komwe idzachokere. Ku America, pangano ndi dziko lina kuti likhale lomanga zolimba limayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a nyumba ya Senate. A Barack Obama analibe mavoti amenewo, ndiye pangano la ku Vienna linangotsamira pa mphamvu za pulezidenti. Mu Malichi 2015, zokambirana zili mkati, aphungu 47 a chipani cha Republican mu Senate analembera kalata atsogoleri a Iran kuwachenjeza kuti pulezidenti wotsatira akhoza kudzalifafaniza panganolo mosavuta. Kunena kwina, ena mwa eni akaunti ananeneratu kuti chekechi ife sitikuchidziwa. Iran inalandirabe, poti njala inali itafika pakhosi.

Pa 8 Meyi 2018 a Donald Trump analengeza kuti America yatuluka m'panganolo. Pa nthawiyo n'kuti IAEA itatsimikiza kangapo konse kuti Iran ikusunga malire onse amene inavomera. A Trump ndi owatsatira anali ndi zifukwa zawo, ndipo tisazinyoze tisanazimve. Ankati panganolo silinakhudze mizinga ya Iran youluka mtunda wautali. Ankati ndalama za mafuta zikuthandiza magulu a zida ku Lebanon, ku Syria, ku Iraq ndi ku Yemen. Ankatinso malire ambiri anali ndi tsiku lothera, ena zaka 10, ena 15, ndiye Iran ingodikira. Dziko la Israel, limene atsogoleri a Iran akhala akuliopseza poyera, linkanena zomwezo. Madandaulo amenewa si abodza. Koma ngati mwagula mbuzi ndipo mwazindikira kuti mumafunanso nkhuku, mumabwerera kukakambirana za nkhukuzo. Simukaniza ndalama ya mbuzi imene mwaimanga kale pakhomo panu.

Ziletso za America zinabwerera mu Ogasiti ndi mu Novembala chaka chomwecho. Britain, France ndi Germany anati iwo akadali m'pangano, ndipo analimbikitsa makampani awo kuti asachoke. Makampaniwo anawerengera okha. Msika wa America ndi waukulu kutalitali kuposa wa Iran, ndipo malonda ambiri a pa dziko amayendera dola. Total inachoka. Peugeot inachoka. Kampani ya sitima ya Maersk inaleka. Boeing sinapereke ndege ndi imodzi yomwe, Airbus inali itangopereka zitatu. Mu Januwale 2019 mayiko atatu aja anakhazikitsa njira yawoyawo yolipirirana ndi Iran popanda dola, yotchedwa INSTEX. Malonda ake oyamba, a zipangizo za kuchipatala, anachitika patatha chaka chathunthu, ndipo mu 2023 njirayo inatsekedwa isanapindule kanthu kooneka.

Anayamba kumva kuwawa ndani? Mu Juni 2018 amalonda a mu msika waukulu wa ku Tehran anatseka mashopu awo n'kuyamba zionetsero chifukwa rial inkagwa tsiku ndi tsiku, moti munthu ukagulitsa katundu m'mawa, madzulo ndalamayo siikwananso kuodera wina. Pamene pangano linkasainidwa mu 2015, dola imodzi inkagulidwa ndi ma rial osapitirira 40,000 pa msika. Mu Malichi 2025 inadutsa 1,000,000. Kwa zaka zingapo mitengo ya zinthu inkakwera ndi 40 peresenti kapena kuposerapo pa chaka. Pa pepala, mankhwala ndi chakudya sizinaletsedwe. Koma banki ikakana kutumiza ndalama, mankhwala a khansa sabwera, kaya lamulo likuti chiyani. Ophunzira a ku Iran amene anali kunja ankavutika kulandira fizi kuchokera kwa makolo, ena mabanki anawatsekera maakaunti chifukwa cha pasipoti yawo yokha.

Nanga akuluakulu aja amene zilangozo zinkafuna kuwakhaulitsa? Wamalonda aliyense akudziwa kuti njira yoongoka ikatsekedwa, amene amalemera ndi wodziwa njira zachidule. Mafuta a Iran sanaleke kutuluka. Atatsika kwambiri mu 2019, anayambanso kuyenda mozemba, sitima zikuzimitsa zida zozilondolera, ambiri n'kumakathera ku China pa mtengo wotsika. Malonda ozembetsa otere amafuna munthu wokhala ndi mfuti, doko ndi chilolezo, ndipo ku Iran gulu la asilikali la Revolutionary Guards lili ndi zonsezi. Mwini kashopu ndiye anasauka. Komanso tisabise, mavuto ena a chuma cha Iran ndi ochokera m'nyumba momwemo: katangale, kusayendetsa bwino zinthu, ndi boma lopondereza anthu ake, monga dziko linaonera pa zionetsero za mu 2022. Koma zimenezi sizikufafaniza mfundo yakuti katundu anatulidwa ndipo malipiro anabwezedwa.

Iran inadikira chaka chathunthu ikusungabe pangano. Kuyambira mu Julayi 2019 inayamba kudumpha malire, limodzilimodzi. Mu Epulo 2021 inayamba kuyenga kufika pa 60 peresenti, mlingo umene suli kutali ndi wa bomba. Mu Juni 2022 inazula makamera 27 a IAEA. Pofika mu Meyi 2025 bungwelo linkanena kuti Iran ili ndi makilogalamu opitirira 400 a yureniyamu wa 60 peresenti. Chaka chija cha mpata chimene pangano linagula chinali chitafota kufika pa masabata owerengeka. Apa tiphunzireponso china: makina ukhoza kuzula, koma nzeru zili m'mitu ya akatswiri sungazikweze sitima kupita nazo ku Russia. Choncho nayenso wogula amakhala ndi mantha ake, akuti wogulitsayu akhoza kudzapanganso katundu yemweyo mawa. Chimene chimamuletsa ndi phindu limene akuona posunga pangano. Phindulo likachoka, chomugwira palibe.

A Joe Biden atalowa m'boma, zokambirana zinayambiranso ku Vienna mu Epulo 2021. Chimodzi mwa zimene zinavuta chinali funso limene wamalonda aliyense wobwezeredwapo cheke angafunse. Nthumwi za Iran zinkati, mutitsimikizire kuti pulezidenti wina sadzatulukanso. A ku America anayankha zoona, kuti chitsimikizo chotero sangapereke poti malamulo awo salola pulezidenti kumanga manja a womulowa m'malo. Zokambiranazo zinazilala mu 2022. Mu Epulo 2025 zinayambanso kudzera mwa dziko la Oman ngati mkhalapakati. Anakumana kasanu. Kutatsala masiku awiri kuti akumane kachisanu ndi chimodzi, pa 13 Juni 2025, Israel inaphulitsa malo a nyukiliya ndi a asilikali ku Iran. Pa 22 Juni ndege ndi mizinga ya America zinaphulitsa Fordow, Natanz ndi Isfahan. Nkhondo imeneyo inatenga masiku 12 ndipo anthu mazanamazana anafa. Kumapeto kwa Sepitembala 2025 ziletso za United Nations, zimene zinachotsedwa mu 2016, zinabwezeretsedwa Britain, France ndi Germany atapempha. Patatha zaka khumi chivinire m'misewu ya Tehran, chilichonse chimene chinachotsedwa chinali chitabwerera, n'kuwonjezerapo maliro.

Mwina wina anganene kuti zimenezi ndi za Iran yokha. Ayi ndithu, pa msika anthu amaonerera. Cheke cha kasitomala mmodzi chikabwerera, mawa mzere wonse wa mashopu umakhala utamva.

Kumbukirani Libya. Mu Disembala 2003 a Muammar Gaddafi analengeza kuti asiya ntchito yopanga zida zoopsa. Mwezi wotsatira zipangizo zawo za nyukiliya zinayamba kunyamulidwa kupita ku America. Ziletso zinachotsedwa mu 2004, makampani a mafuta anabwerera, ndipo mu 2006 Libya inafufutidwa pa mndandanda wa mayiko othandiza zigawenga. Apa malipiro anaperekedwa ndithu. Koma mu 2011 anthu ataukira boma, ndege za NATO zinaphulitsa asilikali a Gaddafi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho iwo anaphedwa. Zoti a Gaddafi anali wolamulira wankhanza n'zosachita kufunsa. Koma olamulira ena sanaone nkhanzazo, anaona munthu amene anapereka zida zake n'kufera m'manja mwa adani patatha zaka zisanu ndi zitatu. Boma la North Korea linanena poyera mu 2011 kuti zimene zachitikira Libya ndi phunziro kwa onse.

North Korea yomweyo ili ndi mbiri yake ya macheke, ndipo kumeneko mbali zonse ziwiri zinalakwirana. Mu Okutobala 1994 ku Geneva inavomera kuimitsa ng'anjo yake ya ku Yongbyon posinthana ndi matani 500,000 a mafuta chaka chilichonse ndi ng'anjo ziwiri zopangira magetsi. Mafutawo nthawi zina ankachedwa, ng'anjozo sizinamalizidwe, ndipo mu 2002 America inati North Korea ikuyenga yureniyamu mobisa. Pangano linatha. Mu Okutobala 2006 dzikolo linaphulitsa bomba lake loyamba loyesera, ndipo pofika 2017 linali litayesa kasanu ndi kamodzi. Mu Febuluwale 2019 a Trump ndi a Kim Jong Un anakumana ku Hanoi. A Kim anati atseka Yongbyon ngati ziletso zikuluzikulu za United Nations za mu 2016 ndi 2017 zichotsedwa. A Trump anati katunduyo wachepa poyerekeza ndi mtengo. Anasiyana osasaina kanthu. Apo n'kuti patangotha miyezi isanu ndi inayi America itatuluka m'pangano la Iran, ndipo ine sindikhulupirira kuti a Kim anali asanamve.

Tsono taonani chithunzi chimene mtsogoleri wa dziko lina lililonse akuchiona. Amene anapereka zida zake zonse anaphedwa. Amene anachepetsa n'kulola kuyenderedwa anabwezeredwa ziletso, kenako anaphulitsidwa. Amene anakana n'kupanga bomba palibe wamuponyera mzinga. Ine sindikuyamikira North Korea, kumene anthu wamba avutika koopsa chifukwa cha bomba limenelo. Ndikungoti ngati mayiko amphamvu akufunadi kuti mabomba a nyukiliya asachuluke, phunziro limene akuphunzitsa ndi lotembenuka.

Kuno ku Africa tili ndi chitsanzo chosiyana. South Africa inapanga mabomba asanu ndi limodzi nthawi ya tsankho, ndipo inawaphwasula yokha. Mu 1991 inalowa m'pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya, ndipo mu Malichi 1993 a F.W. de Klerk anaulula zonse ku nyumba ya malamulo. Koma onani kuti iwo sanagulitse mabombawo posinthana ndi lonjezo la munthu. Ziletso zimene anali nazo zinali makamaka za tsankho. Mabombawo anawasiya asilikali a Cuba atayamba kuchoka ku Angola, mkangano wa America ndi Soviet Union ukutha, ndiponso ulamuliro wa azungu okha uli pafupi kugwa. Chimene ankaopa chinali chitachoka. Kumene mantha akadalipo, monga ku Iran ndi ku Korea, pamafunika malonda, ndipo malonda amafuna kukhulupirirana.

Nanga kukhulupirirana kumamangidwa bwanji pakati pa anthu odana? Apa amalonda a m'tauni akhoza kuwaphunzitsa akazembe. Munthu amene simukumudziwa bwino simumupatsa lole yonse pa ngongole. Mumatula makatoni khumi, alipire, mutulenso khumi. Pangano la mtundu umenewu liyenera kuyenda chomwecho: sitepe ya uyu, sitepe ya uyo, ndipo iliyonse ikhale yaing'ono moti wina akathawa, mnzake asatsale wamaliseche. Chachiwiri, malipiro ena akhale ogwirika, osabwezeka ndi siginecha imodzi: ndalama zotsekeredwa zifike m'manja, ndege zitere pa bwalo, fakitale imangidwe. Chachitatu, amene akusaina akhale ndi chilolezo cha eni akaunti onse. Pangano lodalira munthu mmodzi limatha tsiku limene iye wachoka pampando. Ndipo chilango cha wophwanya chikhale cha mbali zonse. M'pangano la ku Vienna munali njira yobwezeretsa ziletso msangamsanga ngati Iran yalakwa, koma munalibe chilichonse chogwira dziko lamphamvu likathawa. Ndi wamalonda uti angasaine pepala lotero, kupatula amene ana ake agona ndi njala?

Wina afunsa kuti, nanga ife zikutikhudza chiyani, bomba tilibe, Iran ili kutali. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta amene dziko lonse limagwiritsa ntchito lakhala likudutsa pa kampata ka nyanja kotchedwa Hormuz, m'mphepete mwa Iran. Kumeneko kukavuta, mtengo wa mgolo umakwera, ndipo dziko ngati lathu, logula dontho lililonse la petulo ndi dizilo kunja ndi madola osowa kale, limamva msanga. Minibasi imakwera, thumba la feteleza limakwera, tomato wochokera ku Ntcheu amafika m'tauni atakwera. Ndipo inu ophunzira amene mawa mudzakhale m'maofesi osainira mapangano m'dzina la dziko lino, kaya a ngongole, kaya a migodi, nkhani ya ku Vienna muisunge. Musanasaine, funsani kuti mbali yathu ndi yobwezeka kapena ayi, nanga ya anzathuwo? Ndani akuyamba kutula? Bwanayu akachoka, wobwerayo adzalemekeza siginecha yake?

Za cheke changa chija, ndalama ndinadzailandira patatha miyezi isanu ndi iwiri, itatha kale mphamvu, alamu anga atasiya kundiyankha moni. Chaka chotsatira kampani yomweyo inaitanitsanso katundu. Ndinawauza kuti ndalama patsogolo. Anakwiya, amvekere ndilibe ulemu, ndipo anapita kwa mnzanga wina woperekera katundu. Nayenso anawauza chimodzimodzi, poti nkhani yanga anali ataimva.